AMEN NDI ANANSI ACHE A M'CHINGELEZI

Inu makolo, ndi inu ana a sukulu amene muwerenga kalata ino mwezi ndi mwezi, lero tifuna kukamba nanu za Chingelezi. Koma musaope, sitipita nanu kutali. Tingotola malembo anai okha, A, E, M ndi N, kuti tione zimene Angelezi amanga nao. Chimene chatichititsa ndi ichi: m'midzi mwathu muli ana ambiri amene atchula mau a Chingelezi mokweza ndi mosadodoma, makolo nakondwa, nati, mwana wathu wadziwa Chizungu, koma mukamfunsa mwanayo tanthauzo la zimene wawerengazo, angoyang'ana pansi, nakanda nthaka ndi chala. Kutchula kokha sikukhozetsa munthu mayeso. Ndipo mudziwa inu nomwe kuti m'Malawi muno wophunzira wa Fomu 4 amene walephera Chingelezi salandira setifiketi, chinkana akhoze masamu ndi maphunziro ena onse.

Lembani tsono malembo anaiwo pa timapepala tinai, lembo liri lonse pa kapepala kachekache, ndipo muyese kuwasanja m'mizere yosiyanasiyana. Pa malo oyamba mukhoza kuikapo liri lonse mwa anaiwo. Pa malo achiwiri atsala atatu, pa achitatu awiri, pa otsiriza limodzi lokha. Wodziwa masamu aona kuti 4 × 3 × 2 × 1 ndi 24. Mwa njira 24 zimenezi zambiri zingobala phokoso lopanda mutu, monga NMAE kapena EAMN. Koma zinai zipatsa mau amene Mngelezi ali yense awadziwa: AMEN, NAME, MANE ndi MEAN. Mau otere, omangidwa ndi malembo amodzimodzi osanjidwa mwina, Angelezi awatcha ANAGRAM, dzina limene anabwereka ku Chigriki. Ife tisadabwe nazo, pakuti nafenso tiri nao: NAMA ndi MANA ali ndi malembo omwewo, koma kunama ndiko kunena bodza, kumana ndiko kukaniza mnzako chakudya.

Musaganize kuti mau anaiwa ndi a pa chibale chifukwa abvala malembo ofanana. Iai. Ali ngati alendo amene akumana pa dooko kudikira bwato limodzi: wina wachokera ku Palestine, wina ku Germany, wina ku France, ndipo yense ali ndi mbiri yache.

Tiyambe ndi AMEN, popeza ndiwo mau amene Mkristu awanena kawirikawiri koposa ena onse. Si Chingelezi, si Chilatini, si Chichewa: ndi Chihebri. Ahebri awalemba ndi malembo atatu, ndipo tsinde lache linena za chinthu cholimba, chosagwedezeka, chimene munthu angachitsamire wosaopa kugwa, monga mzati umene uchirikiza denga. Mau ao a chikhulupiriro, EMUNAH, aphuka pa tsinde lomwelo. Atumwi polemba m'Chigriki sanawamasulire, anangowasiya momwemo. Eklezia wa ku Roma popemphera m'Chilatini anawasiyanso. Angelezi anatero, ndi ansembe amene anabwera ndi Mthenga Wabwino kuno kwathu anatero. Anansi athu Achisilamu nawonso atsiriza mapemphero ao ndi mau omwewa, nati AMIN.

Justin Woyera, amene anafera Kristu ku Roma cha m'ma 165, analembera mfumu Antoninus Pius kalata yofotokoza zimene Akristu achita akasonkhana tsiku la Mulungu. Anati wotsogolera akatha pemphero lalikulu loyamika pa mkate ndi vinyo, anthu onse abvomera Amen; ndipo pozindikira kuti akunja sadzamva, anawamasulira kuti ndiko kunena: zikhale chomwecho. Jerome Woyera, uja anamasulira Malembo Oyera m'Chilatini, namwalira m'chaka cha 420, anasimba kuti Amen wa Akristu a ku Roma anali kugunda ngati bingu. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, amene anamwalira m'chaka cha 430, anaphunzitsa anthu ache kuti kunena Amen kuli ngati kusaina dzina lako pansi pa kalata. Talingalirani bwino fanizo limeneli. Munthu wanzeru sasaina kalata ya ngongole asanaimve. Nanga bwanji ife tisaina mapemphero amene mtima wathu sunawatsate? Ana ambiri, ngakhale akulu ena, ayesa kuti Amen atanthauza "tatha, tiyeni tidye," kapena "tatha, tiyeni tizipita." M'matchalitchi mwathu nyimbo zimveka mpaka kutsidya kwa dambo, koma Amen wa pambuyo pa pemphero lalikulu la Misa nthawi zina angomveka ngati njuchi ya m'botolo. Bingu lija la ku Roma tiribe.

Ambuye Yezu anawagwiritsa ntchito mwa njira yao. Ayuda anali kunena Amen pobvomera mau a munthu wina. Iwo anali kumuika patsogolo pa mau ao omwe, kutsimikiza kuti zimene ati anene nzoona. Mu Mthenga wa Yohane Woyera amnena kawiri motsatana, ndipo atero pa malo 25. Wowerenga Chichewa sazindikira zimenezi msanga, chifukwa m'mabuku athu anamasulira ndi mau onga "indetu" kapena "ndithu." Za katchulidwe, Angelezi ena ati "Amen" monga ife, ena ati "Eimen", zonse ziwiri nzololedwa, koma poimba ambiri atsata njira yoyamba. Ndipo ana amene aona kuti kuonjezera E pa AMEN kubala "amene" wathu uja aseke nazo chabe: palibe chibale pamenepo.

Chotsani tsopano A kutsogolo, musinthanitse malembo, mupeze NAME, ndilo dzina. Mwana wa Chichewa akaona mau awa ayamba kuwerenga "na-me," pakuti ife titchula lembo liri lonse monga lalembedwa, mphunzitsi namdzudzula, nati, nena "neim." Mphunzitsi akhoza, koma mwanayo sanaphonye kwambiri: m'masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira m'chaka cha 1400, Angelezi eni ache anali kutchula mau awa pafupifupi monga mwanayo. Pambuyo pache katchulidwe kao kanasintha pang'onopang'ono kwa mibadwo ingapo: E wotsiriza anakhala chete, A nasanduka "ei." Koma pa nthawi yomweyo makina osindikiza mabuku anafika, William Caxton nawaimika ku Westminster m'chaka cha 1476, kalembedwe kanayamba kuuma pa pepala pamene pakamwa panali kusinthabe. Ndicho chifukwa chache Chingelezi chilembedwa mwina nichitchulidwa mwina, ndipo ana athu asauka nacho kufikira lero. Komabe E wacheteyo si waulesi. Ngakhale samveka, ndiye auza A wa m'katimo kuti amveke "ei": MAT ndi mphasa, MATE ndi mnzako, HAT ndi chipewa, HATE ndi kudana. Mwana amene wagwira lamulo limeneli watsegula mau mazanamazana. Zaka 1,000 zapitazo Angelezi anali kunena NAMA potchula dzina. Mchewa akamva zimenezo amwetulira. M'bale wache weniweni wa NAME ndi NOMEN wa Chilatini, amene achikulire anali kumumva wansembe akamayamba Misa ya Chilatini ndi chizindikiro cha mtanda.

Mau awa ndiwo oyamba pa pepala liri lonse la boma, la sukulu ndi la chipatala, ndipo pano makolo achenjere. FIRST NAME, kapena CHRISTIAN NAME monga anali kulembera kale, ndilo dzina la mwana mwini wache, la pa Ubatizo. SURNAME ndilo la banja, limene abale onse alitenga. MAIDEN NAME afunsa kwa amai okha: ndilo dzina la banja la kwao asanakwatiwe. Ambiri asokoneza mizere imeneyi, nalemba la bambo pa malo a la mwana. Kapena pa kalata ya Ubatizo alemba mwina, m'kaundula wa sukulu mwina, pa chiphaso cha unzika, chimene Amalawi analembetsa mwaunyinji m'chaka cha 2017, mwinanso. Mwanayo akakula nafuna ntchito, kapena ukwati wa mu Eklezia, mapepala ache aonetsa ngati anthu atatu, ndipo kukonza kwache kudya masiku ndi ndalama za ulendo. Sankhani kalembedwe kamodzi mwana ali wakhanda, mukasunge.

MANE sitichedwa naye. Ndiwo manyenje, ubweya wautali wa pakhosi pa mkango wamphongo kapena pa kavalo. Chotsani E wachete uja, mkango uthawa, natsala MAN. Khutu silisiyanitsa MANE ndi MAIN, amene atanthauza chachikulu, monga MAIN ROAD, mseu waukulu. Asiyana pa pepala pokha. M'Chilatini malembo omwewa, otchulidwa "ma-ne," atanthauza m'mawa.

Koma MEAN ndiye mwini msampha, pakuti m'chikopa chimodzi mwabisala nyama zitatu zosiyana mitundu.

Woyamba ndi mneni, kutanthauza. Ajeremani ali ndi m'bale wache, MEINEN. Tikadakhala ife aphunzitsi, chiganizo choyamba kuphunzitsa mwana chikadakhala ichi: WHAT DOES IT MEAN? ndiko kuti, kodi chitanthauzanji? Mwana wodziwa kufunsa chomwecho wopanda manyazi adzaphunzira zotsalazo yekha. Mneni yemweyu anenanso za cholinga cha mumtima: wina akakupondani phazi nati I DID NOT MEAN IT, akuti sanachite dala. Pokamba zakale alembedwa MEANT, natchulidwa "ment."

Wachiwiri afotokoza khalidwe la munthu, ndipo mbiri yache njomvetsa chisoni. Kalekale, m'Chingelezi cha makolo ao, mau awa anali kunena chinthu cha anthu onse, monga chitsime cha mudzi kapena dambo lodyetsako ng'ombe. Ndi a mtundu umodzi ndi COMMUNIS wa Chilatini, kumene kwachokera mau athu oti Komunio. Koma anthu ali ndi chizolowezi chopeputsa chimene ali yense ali nacho. Chotero "cha onse" chinasanduka "cha wamba," cha wamba chinasanduka "chachabechabe," ndipo potsiriza mauwo anagwera pa munthu wa mtima wochepa. Lero ku England A MEAN MAN ndi munthu woumira, womana. Ku America ndi munthu wankhanza, wokonda kupweteka anzache. Taonani ulendo wache: mau amene anayamba ndi kugawana atsirizira pa munthu amene sagawira mnzache ngakhale mchere.

Wachitatu sanabadwire ku England konse. Anaoloka nyanja ndi Chifalansa, chimene chinalowa m'dzikomo Anormani atagonjetsa Angelezi m'chaka cha 1066, ndipo gwero lache ndi MEDIANUS wa Chilatini, ndiko kuti cha pakati. Uyu ndiye MEAN wa m'masamu. Pa mayeso pakalembedwa FIND THE MEAN OF 4, 6 AND 11, afuna kuti muphatikize manambalawo, mupeze 21, mugawe patatu, yankho ndi 7. Mwana amene adziwa MEAN woyamba yekha adzakhala ndi cholembera pakamwa kufunafuna tanthauzo la 4 ndi 6, nthawi nimthera. Masamu awadziwa, chamgwetsa ndi liu limodzi. MEAN yemweyu ndiye ali m'kati mwa GREENWICH MEAN TIME. Dzuwa silifika pamutu pa mphindi imodzimodzi masiku onse a chaka; nyengo zina lifulumira, nyengo zina lichedwa, kufikira mphindi 16. Tsono akatswiri a nyenyezi anawerengera nthawi ya pakati kuti mawotchi aziyenda mofanana. Msonkhano wa maiko umene unachitika ku Washington m'chaka cha 1884 unasankha Greenwich, ku London, kukhala poyambira kuyeza, ndipo nthawi yathu ya ku Malawi iri patsogolo pa imeneyo ndi maola 2. Mukaonjezera S mupeza MEANS, ndiyo njira yochitira chinthu, popeza njira ikhala pakati pa munthu ndi chimene afuna. Nthawi zina ndi chuma chimene munthu akhalira. Pano pali mbuna ina. Mukapempha chilolezo, mkulu nayankha BY ALL MEANS, wakulolani ndi mtima wonse. Akati BY NO MEANS, wakana kwa mtu wa galu. Wongomva MEANS yekha, wosatchera khutu ku kaliu ka pakatiko, adzachita chimene wamletsa.

Nanga mwana adziwa bwanji MEAN amene wakumana naye? Palibe njira ina koma kuyang'ana mau oyandikana nao. Nafenso titero: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika tiwasiyanitsa ndi nkhani imene ikukambidwa, ndipo palibe Mchewa amene anapita ndi nkhwangwa kukadula mtengo wa sopo.

M'malembo anai omwewa muli timau tina tatifupi, timene ana atipeputsa chifukwa cha kuchepa kwache. MAN ndi MEN, mwamuna ndi amuna, abvuta makutu athu, pakuti ife tiri ndi maliu asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Mngelezi wa ku England ali nao pafupifupi 20, ndipo A wa mu MAN ali pakati pa "a" ndi "e" wathu. Bwanji sanena MANS, monga achitira ndi mau ena? Chifukwa m'nthawi zamakedzana mau ochulukitsawo anali ndi "i" kumapeto. "I" ameneyo anakoka A kumsandutsa E, kenaka iye mwini anafota nagwa. FOOT ndi FEET, phazi ndi mapazi, TOOTH ndi TEETH, dzino ndi mano, anayenda njira yomweyo. Kukokana kwa maliu kotere ife sitikudabwa: tinena kugula, kugulira, koma kulemba, kulembera. Dziwaninso kuti poyamba MAN anali munthu ali yense, mwamuna kapena mkazi. WOMAN anachokera ku WIFMANN, ndiko kuti munthu wamkazi. Chotero mukapeza MEN m'mabuku akale a mapemphero a Chingelezi, kawirikawiri anena anthu onse, ndipo amai asaganize kuti awasiya kunja.

AM ayenda ndi I yekha basi. Simunganene HE AM. Ndi kaliu kakale zedi, kamene abale ache apezeka m'Chigriki ndi m'Sanskrit, chinenero chakale cha ku India. Kuchepa kwache kusakunyengeni: pamene Mulungu anaululira Mose dzina lache pa chitsamba choyaka moto, m'mutu 3 wa buku la Eksodo, Mabaibulo a Chingelezi agwiritsa ntchito timau tiwiri timeneti. Koma mukaona a.m. wa timadontho pa chikwangwani cha basi kapena pa kalata ya ku chipatala, ameneyo ndi wina: ndi chidule cha Chilatini, ANTE MERIDIEM, dzuwa lisanafike pamutu.

AN, pamodzi ndi mng'ono wache A, anachokera ku liu lakale la ONE, chimodzi. Chichewa chiribe timau totere, ndipo ana athu atiiwala kapena atimwaza paliponse. AN aima patsogolo pa mau oyamba ndi liu la a, e, i, o, u pomveka, osati polembedwa: AN EGG, dzira, A HEN, nkhuku yaikazi, koma AN HOUR, ola, chifukwa H wa pamenepo samveka. N ameneyu ndi wosakhazikika, ndipo Angelezi eni ache anasokonezeka naye. Dzina lopatsidwa mocheza kale linali EKENAME, dzina loonjezera. Anthu pomva AN EKENAME anayesa kuti N ndi wa dzinalo, ndipo lero onse ati NICKNAME. APRON, nsaru yobvala pophika, anataya N wache mwa njira yomweyo, pakuti kale anali NAPRON.

Tsono tipempha mabanja kuti ayese masewera awa madzulo, mutatha kudya, musanayambe Korona. Malembo muwalembe pa timapepala, kapena pa zitsekerero za mabotolo. Ngati palibe, pansi pomwe pakwanira. Yense apange liu pa nthawi yache. Koma lamulo lache likhale lolimba: liu liwerengedwa pokhapokha wolipangayo atanena tanthauzo lache m'Chichewa, nalimanganso m'chiganizo; wopeza matanthauzo awiri alandire kawiri. Bambo kapena mai amene sanapite ku sukulu asadzipatule, pakuti ndiye woweruza: Chichewa achidziwa kuposa anawo, ndipo mwana akamazemba pofotokoza adzamgwira msanga. Lamulo limeneli tilikakamira pa chifukwa. Kuli masewera otchuka a mtundu womwewu, Scrabble, amene anawayamba Alfred Butts wa ku America m'chaka cha 1938, nalandira dzina limeneli m'chaka cha 1948. M'menemo safunsa tanthauzo ai, angoona ngati liulo lipezeka m'buku la mau. M'chaka cha 2015 Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa, chinkana sanali kulankhula Chifalansa: anangoloweza mndandanda wa mau m'masabata owerengeka. Mutu wotere ngwodabwitsa ndithu, koma mwana wanu sadzawerenga nao kalata ya ku chipatala.

Mukatopa ndi A, E, M ndi N, tengani O, P, S ndi T. Mwa njira 24 zija, zisanu ndi imodzi zipatsa mau a Chingelezi. Limodzi muliona pa chikwangwani chofiira pa mphambano ya mseu, lina pa khomo la nyumba yotumizira makalata, lina liri pa mafuwa kukhitchini kwa amai. Atatu otsalawo afuneni nokha.